Ndinkamenya Mwana Wanga Akaima Powerenga

Zikomo amayi ndi abambo. Senderani kutsogolo kuno, mipandoyi siluma ayi. Ndikuona ena mwamatirira kuchitseko, ndipo bambo wina wandiuza panja kuti wangoperekeza mnzake. Palibe vuto, achimwene. Inenso tsiku loyamba ndinkanena zomwezo.

Ine ndine Laisoni Mbewe, kwathu ndi ku Dowa. Mayi Lungu, aphunzitsi athu akhala apawa, andipempha kuti ndikulimbikitseni popeza lero n'koyamba kubwera. Zolimbikitsa anthu ine sindizitha. Ndingokuuzani zimene ndinamuchita mwana wanga, kenako aliyense aone yekha chochita.

Sukulu ndinalekera sitandade thu. Ndinakulira kuitanira minibasi ku Lilongwe, kenako ukondakitala, kenako chiwongolero. Mutu unali wakuthwa, musandione chonchi. Nyimbo ndikaimva kawiri yalowa, nkhope ndikaiona kamodzi sindiiiwala. Koma zilembo, ngakhale zikuluzikulu za pachikwangwani, kwa ine zinali nyerere basi. Mkazi wanga Esinati ndinamupeza akuphunzira unamwino, ankakwera minibasi yanga. Iye ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi, ndipo anati, "Zisakuvuteni, ine ndidzakhala maso anu." Atapeza ntchito kuno ku Perth tinabwera, mwana wathu Tadala ali kumsana. Tinapeza nyumba ku Balga konkuno, ine n'kuyamba kupakira katundu m'mathiraki ku Kewdale.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Kutchalitchi ndinkafunsiratu mkati mwa sabata mawu amene adzawerengedwe Lamulungu. Esinati ankandiwerengera kukhitchini mobwerezabwereza mpaka ndaloweza. Tsikulo likafika ndinkavala jekete ndi magalasi, chonsecho maso anga alibe vuto, n'kutsegula Baibulo pamene wandipindira. Ndiye mawu ake, abale! Anthu ankati a Mbewe amawerenga ngati a pawayilesi. Mpaka anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Pafoni ndinkangotumiza mauthenga a mawu, ndikumati zala zanga n'zazikulu, sizikwana pa timabatani.

Chakudza sichiimba ng'oma. Unabwera mliri wa korona uja, malire n'kutsekedwa. Esinati anayamba kukhalitsa kuchipatala, akabwera n'kuthamangira kubafa, n'kukagona chipinda chayekha poopa kutipatsira matenda. Nthawi imeneyo Tadala anali atayamba kuphunzira kuwerenga. Mukudziwa sukulu za kuno, mwana amabwera ndi kabuku tsiku lililonse kuti awerengere kholo mokweza. Ntchito imeneyo inali ya amayi ake, tsopano inagwera ine.

"Bambo a Tadala," anatero Esinati, "mungokhala naye pafupi n'kumamvetsera. Palibe chovuta pamenepa."

Tsiku loyamba tinakhala patebulo, mwana n'kuyamba bwinobwino. Atafika pakati anaima, n'kuloza ndi kachala kake. Tadala Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, monga ana anu omwe. Anati, "Adadi, mawu awa ndi chiyani?"

Ndinayang'ana pomwe analozapo. Ndinachita manyazi pamaso pa kamwana koti mamina ndinkakapukuta ndine, ndipo manyaziwo anasanduka ukali.

"Ukufunsa ine? Kusukuluko umapita ndiwe kapena ine? Werenga!"

Analira. Mawa lake anafunsanso, mkuja wake chimodzimodzi. Ndiye ine ndi nzeru zanga za ukondakitala ndinaona kuti funso limabwera mwana akaima. Ndinati chabwino, tithana ndi kuimako. Ndinatenga rula ya m'chikwama chake chomwe. Akangoima, pha, pazala. Akakoka mpweya kuti aganize, pha. Sindinkadziwa ngati walakwa kapena wakhoza, ndikanadziwa bwanji? Ndinkangomenya kuti funso lisatuluke.

Ndipo ndinkadzitama nazo. Kwa azibambo anzanga ndinkati, "Ana a kuno mukuwalekerera inu. Wanga ndikumulera Chimalawi, monga anatilerera aphunzitsi athu." Ena ankavomereza ndi mutu. Mwanayo ndinamuuza kuti, "Amayi ako akutopa ndi odwala. Ukawauza zopusazi adwala, ndipo ukhala iweyo wawadwalitsa." Mwamva? Mwana wa zaka seveni ndinamusenzetsa zimenezo.

Mankhwala anga anagwira ntchito. Patapita masabata angapo Tadala analeka kuima. Ankatsegula buku n'kumangoyenda ngati madzi a pampopi, mawu okweza, osakhosomola n'komwe. Ine chimwemwe. Ndinamujambula pafoni n'kutumizira achemwali anga kumudzi kuti aone mdzukulu wa a Mbewe akulavula Chingerezi.

Zinayenda choncho miyezi, mpaka Lamulungu lina masana Esinati atapuma kuntchito. Anabwera kudzakhala pambali pa mwana, tiyi ali m'manja, n'kumayang'ana m'bukumo. Tadala anayamba monga mwa masiku onse. Ndinaona Esinati akuika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Tadala, bwerera. Werenga mzere uwu."

Mwana anayendanso ngati madzi.

"Si zimene zalembedwa apa. Palibe ngakhale liwu limodzi. Ukuzitenga kuti zimenezi?"

Ankangoyang'ana zithunzi n'kumapeka nkhani yake. Pachithunzi pali galu ndi mpira, iye n'kukuuzani za galu ndi mpira mpaka tsamba latha. Anandiyang'ana ine, n'kubisa manja pansi pa ntchafu.

"Yang'ana ine, osati abambo ako," anatero Esinati.

Mwana anayankha motsitsa. "Ndikaima amandimenya. Ndikangonena chilichonse sandimenya. Iwo sadziwa zimene zalembedwa." Kenako anawonjezera, "Ndimangochita mmene amachitira iwo kutchalitchi."

Abale anga, nthawi yonse ija ndikuloweza mavesi kukhitchini, mwana ankamva. Ankandidziwa bwinobwino kuti ndine ndani, ndipo anaphunzira phunziro lokhalo limene ndinali nalo.

Esinati anamukoka manja aja n'kuona zala. Sanakuwe. Anangonena kuti, "Tulukani muno, ndisananene zoti ndidzalape."

Kuchoka apo zinthu zinathamanga. Aphunzitsi a kusukulu anali ataziona kale zalazo, ndipo kuno si kwathu, sabisa. Anabwera a boma oona za ana, n'kundiuza kuti ndichoke panyumba. Akulu a mpingo, amene amakhala ngati ankhoswe athu kunja kuno, anatiitana kuti atiyanjanitse. Ine ndinapita ndi jekete lija ndikuganiza kuti azibambo anzanga andiikira kumbuyo. Ndinayamba kufotokoza za mwambo ndi kulera. Esinati anandidula.

"Mwambo wake uti? Zaka zonsezi ndakhala ndikubisa umbuli wa bambowa. Sadziwa ngakhale A. Mavesi aja ndimawalowezetsa ndine. Amamenya mwana wanga kuti asawafunse zimene iwo sadziwa."

Pofika Lamulungu nkhani inali itafika mpaka ku Lusaka. Ukulu wa mpingo anandilanda, ndipo zimenezo zinali zoyenera. Koma chinawasangalatsa anzanga aja si nkhani ya mwana ayi, ambiri a iwo amamenyanso. Chinawakomera ndi umbuliwo. Pagulu lathu la azibambo pafoni, anthu amene kale ankatumiza mawu anayamba kumangolemba. Foni ikalira, ndikatsegula, ndinkaona mizere ya zilembo, pansi pake tinkhope toseka mpaka misozi, tambirimbiri. Ankadziwa kuti ndili momwemo ndipo sindingawerenge. Anandipatsa dzina loti Pulofesa. Tsiku lina pokwerera mabasi ku Morley ndinakumana ndi mkulu wina amene ndinkagawa naye mgonero. Anatsitsa masiki kuti ndione kuseka kwake, n'kunena pamaso pa akazi awo, "A Pulofesa, tatiwerengerani, basi ikubwerayo ikupita kuti?"

Anandisunga ndi a Daka, mnzanga wa kuntchito, wa ku Katete ku Zambia. Anandiyalira matiresi m'galaji mwawo, pakati pa makina otchetchera udzu ndi matayala akale. Mmenemo ndinayamba kumwa vinyo wotchipa wa m'makatoni uja. Poyamba ndikaweruka, kenako ndisanapite. Ku Kewdale amauzitsa kamakina koyezera mowa pageti, ndiye tsiku lina kanandigwira, ntchito n'kuthera pomwepo. Korona itafika kuno mwamphamvu inandipezanso m'galaji momwemo. A Daka ankasiya mbale pakhomo n'kugogoda. Mwa anthu onse amene ndinawaimbira nyimbo pamaliro ndi pamaukwati, palibe anaimba foni.

Nthawi yonseyi ndinkatumiza mauthenga a mawu kwa Tadala, pafoni ya amayi ake. Ena ndili bwino, ambiri nditaledzera. Ndinkalira, ndinkaimba, ndinkapepesa, nthawi zina ndinkakalipa kuti mwana sataya bambo ake. Yankho kunalibe. Ndiye tsiku lina masana, dzuwa lija la kuno loti malata a galaji amachita kulira, Esinati anaimba.

"Bambo a Tadala, lekani kutumiza mawu anu."

"Ndi mwana wanga. Ndilibe ufulu wolankhula ndi mwana wanga?"

"Akangomva mawu anu amatseka makutu n'kuthawira kubafa. Wayambiranso kukodza pogona. Ndamufunsa, a boma amufunsanso. Wanena kuti mawu anu sakuwafuna. Wati ngati muli ndi zoti mumuuze, mulembe."

"Ndilembe? Akudziwa kuti sinditha."

"Akudziwa," anatero Esinati. "N'chifukwa chake wanena choncho."

Anadula foni. Ndinakwiya, ndisakunamizeni. Ndinati kamwana aka n'kankhanza, katengera amake. Kenako nzeru zija za ukondakitala zinabweranso. Ndinapempha a Daka kuti andilembere. Analemba uthenga wokoma kwabasi, Chingerezi cha ku koleji, ndipo ndinautumiza mtima uli m'malo. Mawa lake Esinati anaimbanso.

"Ndamuwerengera. Wati amene walembayo mum'patse moni, koma si adadi ake."

Ndinakhala pa kireti yopanda kanthu, foni ili m'manja. Ndinatsegula polembera paja, zilembo zonse zili ndandanda kundiyang'ana. Ndinati chabwino, ndingolemba dzina lake lokha, aone kuti ndine. Chala chinayendayenda pamwamba pa zilembozo. Ndiyambire pati? Dzinalo ndinamupatsa ndine, amayi ake ankafuna lachizungu ine n'kukana. Ndinaliitana kambirimbiri, mokondwa ndi mokalipa. Koma kuti ndiloze chilembo chake choyamba, ndinalephera. Ndinalira ngati pamaliro, mamina ndi thukuta pamodzi, bambo wamkulu ndevu zili pepeya. Apo mpamene ndinavomera kuti mwanayo sanali wankhanza. Anangotseka khomo limene ndinkalowera ndi ukali, n'kusiya lina, ndipo ine ndinalibe miyendo yolowera.

A Daka anandipeza ndili choncho. Sananditonthoze n'komwe.

"Mudala, ine sinizakulemberani futi. Uja mwana si wopusa. Kuchalichi kwathu kuli amayi Lungu, benze ticha ku Chipata. Nakamba nabo kudala."

"Ine? Sukulu ya kwacha? Ndikakhale pakati pa azimayi kumaimba a e i o u?"

"Manje sankhani. Sukulu, olo muchoke mu galaji yanga. Nalema kutola makatoni yanu."

Ndinapita. Tinakhala pakhonde pa nyumba ya Mayi Lungu, aliyense masiki kumaso, tebulo pakati. Musawaone akumwetulira pano mayiwa, tsiku limenelo sanamwetulire. Anati, "A Mbewe, zimene munachita ndinazimva. Chisoni ndikumvera mwana uja, osati inu. Mukabwera mukununkha mowa, mubwerera pageti."

Sabata yoyamba ndinawabera. Akawerenga tsamba kamodzi ine ndaloweza, mawa lake n'kudzawayendera ngati madzi. Anandigwira msanga. Anatseka buku, n'kudula zilembo pa katoni ya sopo, n'kumazisakaniza patebulo ngati njuga. Apo kuloweza kunathera. Ndipo anaika lamulo lakuti ndikafika pamene sindikudziwa ndinene mokweza kuti "sindikudziwa". Mawu amenewo ankandikanira pakhosi ngati fupa la nsomba. Ndinkayamba kukhosomola, kupukuta magalasi, kudandaula kuwala. Iwo phee, kungodikira. Osandikalipira, osandiuza yankho, kungodikira mpaka ndaganiza. Tsiku lina ndili chiimire pa liwu lina, iwo ali chete choncho, ndinapezeka kuti ndalitulukira ndekha. Ndinazindikira kuti pamene munthu waima mpamene akuwerenga. Ndiye kuti ine ndinkamenya mwana wanga pa nthawi yeniyeni imene ankaphunzira. Tsiku limenelo phunziro sindinalimalize.

Tsono kwa inu mukuyamba lero, ndikuuzeni mmene ndinayendera, mwina muntolapo kanthu. Mowa ndinasiya kaye, chifukwa mutu wa matsire sugwira chilembo. Ndinagwa kangapo, Mayi Lungu n'kundibwezadi pageti monga ananenera, ndipo ndinalowa gulu la anthu osiya mowa limene ndimapitabe mpaka pano. Tinayamba ndi Chichewa, chifukwa chimalembedwa mmene chimamvekera, ba be bi bo bu, ndipo mutu ukazolowera kulumikiza zilembo, Chingerezi sichiopsanso kwambiri, ngakhale chili ndi makhalidwe ake oipa. Musadikire tsiku la kalasi lokha. Ine ndinkawerenga chilichonse chondiyang'ana, paketi ya shuga, zikwangwani za pamsewu ndili m'basi, chenjezo la pa makina a a Daka otchetchera udzu. Pafoni ndinadziletsa kutumiza mawu, ngakhale kungonena kuti ndachedwa ndinkalemba, kaya zitenge theka la ola.

Manambala musawanyoze. Ine ndinkati masamu ndimawadziwa chifukwa m'mutu ndinkawerengera msanga, koma kundipatsa ndandanda ya nthawi za mabasi, kapena botolo la mankhwala kuti ndione muyezo wa mwana, ndinali mbuli yomweyo. Tinaphunzira ndi wotchi, tepi yoyezera ndi sikelo ya kukhitchini. Lero ndikugwiranso ntchito ku Kewdale, kwina, ndipo zolembedwa pa katundu ndimaziwerenga ndekha. A boma ananditumizanso ku maphunziro a kaleredwe ka ana. Ndinapita ndikung'ung'udza kuti mzungu andiphunzitsa chiyani, koma ndinakhala mpaka anatha.

Ndipo uzani munthu. Uzani akunyumba kwanu, uzani ana anu musanawavulaze. Akuseka akuseka basi, ine anandiseka Perth yonse ndipo sindinafe. Chimene chinatsala pang'ono kundipha n'kubisa.

Pano mukudikira ndinene kuti zonse zinabwerera mwakale, tiimbe nyimbo. Ayi. Ukwati unatha, ndipo Esinati sindimuimba mlandu. Pagulu la azibambo lija ndinabwerera m'mbuyo n'kuwerenga zonse zimene ankalemba za ine, mzere ndi mzere, kenako n'kutulukamo. Zina zinali zoseketsadi, ndisaname.

Patapita chaka ndi miyezi ndinaona kuti ndakonzeka kulembera Tadala. Ndinawauza Mayi Lungu kuti asandithandize ngakhale chilembo chimodzi. Ndinalemba masabata angapo, kufufuta, kuyambiranso. Ndinaikamo zonse, za rula, za bodza lija loti adwalitsa amayi ake, za manyazi anga, zoti iye sanalakwe kalikonse. Uthenga unatalika mpaka kudzaza foni kawiri. Ndinapempha Esinati kuti asamuwerengere, angomupatsa foniyo. Ndinatumiza, n'kudikira. Sabata inatha, ina n'kuthanso.

Yankho linandipeza Loweruka m'mawa ndili ku Morley, ndikudikira basi. Ndinakhala pabenchi, n'kuika chala pansi pa liwu loyamba monga anandiphunzitsira. Inali mizere iwiri yokha, m'Chingerezi, ndipo palibe anandiwerengera. Ndinayenda nayo pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

Analemba kuti, "Zazitali sinditha kuwerenga. Muzilemba zazifupi."

Mwana wa zaka teni, wobadwa kwa namwino, wophunzira sukulu za kuno. Anzake akumaliza mabuku athunthu, iye uthenga wa bambo ake unamukanika. Basi yanga inabwera n'kupita ine ndili pabenchi pomwepo.

Tsopano ndimamulembera Loweruka lililonse, mzere umodzi, mawu osavuta. Ndikalemba ndimachotsako, n'kuchotsakonso, mpaka atsale oti angawathe. Nthawi zina amayankha, nthawi zina ayi. Mawu anga sanavomere kuwamva mpaka lero.